Momwe mungadzisanthulire mumtima pa mphindi 15 zokha, ngakhale muli m'phokoso la ku Joni

Amalawi tikakumana kuno ku Johannesburg, kaya ndi pamaliro, kaya pa Park Station potumiza katundu kumudzi, timafunsana za ntchito, za mapepala, za lendi, ndi kuti rand ikusinthidwa bwanji sabata ino. Za mumtima sitifunsana. Munthu amatha zaka zisanu ndi zitatu ali ku Rosettenville, akudziwa takisi iliyonse yonyamukira pa Bree, koma mutamufunsa chimene chimamudzutsa 2 koloko usiku mtima uli phaphapha, sangakuyankheni. Ineyo ndinali wotero kwa nthawi yaitali, ndipo ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti tilipo ambiri.

Njira imene ndikupatseni sindinaipeke ndine. Pa 1 February 1975, Nelson Mandela ali m'ndende ya Robben Island analembera kalata mkazi wake Winnie, amene panthawiyo analinso m'ndende ku Kroonstad. Anamuuza kuti chitolokosi ndi malo abwino oti munthu aphunziremo kudzidziwa, ndipo anamulangiza kuti azipatula mphindi ngati 15 tsiku lililonse asanagone, n'kumasinkhasinkha. Anamuchenjezeratu kuti poyamba zidzamuvuta kuona zofooka zake, koma pofika ulendo wa khumi akhoza kupindula kwambiri. Ameneyu ndi munthu amene anafika mu mzinda uno mu 1941 ngati mlendo, n'kuyamba ndi ulonda pa mgodi wa Crown Mines, kenako n'kukachita lendi kachipinda ku Alexandra. Moyo wa kachipinda kamodzi ankaudziwa.

Choyamba, pezani nthawi yanu ndi ngodya yanu

Musadikire kuti mudzapeze chipinda chanokha. Ambirife timagona m'chipinda chogawidwa ndi katani, wina akukazinga mazira apo, wina akuonera mpira pafoni apa. Pamphepete pa bedi mutayang'ana kukhoma pakwanira. Chachikulu n'chakuti nthawi ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, kuti thupi lizolowere. Kwa ambiri ndi usiku asanagone. Alonda ogwira usiku, nthawi yanu ndi m'mawa mukangofika kunyumba, musanafunde. Auzeni amene mumakhala nawo kuti, “Achimwene, mukandiona ndakhala chonchi, mundipatseko mphindi zochepa.” Anthu amalemekeza akauzidwa.

Tsiku lopuma mukhoza kupita ku Zoo Lake, ku Emmarentia kapena ku The Wilds ku Houghton, malo olowa ulere. Pitani masana, pamene pali anthu, foni ili m'thumba. Koma musadalire zimenezo. Ntchito yeniyeni imachitikira pa bedi lomwe lija.

Foniyo itchereni alamu ya mphindi 15, muzimitse intaneti, muiike chafufumimba patali poti dzanja silifika.

Chachiwiri, yambani ndi thupi

Khalani mowongoka koma osaumitsa msana. Manja pa maondo. Maso mutseke, kapena ngati kutseka kukukupatsani mantha, yang'anani pansi malo amodzi. Pumani monga mwa masiku onse, n'kumawerenga mpweya uliwonse wotuluka kuchokera 1 mpaka 10. Mudzasokonezeka pa 3 kapena pa 4, maganizo ali kale ku Mangochi kapena kwa abwana. Palibe cholakwika. Bwererani pa 1. Kubwererako ndiye ntchitoyo.

Zikatero fufuzani pamene pamangika m'thupi. Ena ndi m'khosi, ena nsagwada zalumana okha osadziwa, ena m'mimba muli ngati mwala. Thupi limadziwa msanga kuposa mutu. Mphindi zitatu kapena zinayi zakwana pamenepa.

Chachitatu, chimene chabwera muchitchule dzina

Apa ndiye ndikhalitsepo, chifukwa mpamene pagona nkhani yonse.

Mukangokhala chete, maganizo amabwera ngati anthu pa mzere wa takisi, wina kukankha mnzake. Musawathamangitse, musawatsatirenso. Lililonse likabwera, litchuleni dzina chamumtima ndi liwu limodzi: mantha. Mkwiyo. Kaduka. Manyazi. Kulakalaka kwathu. Njala. Mukalitchula, liyang'aneni pang'ono, muone ngati likukula kapena likuchepa, kenako bwererani ku mpweya.

Mudzaona chinthu chodabwitsa: ganizo lotchulidwa dzina limachepa mphamvu. Ndipo chiyankhulo chathu chinadziwa kale zimenezi. Sitinena kuti “ndine mantha”, timati “mantha andigwira.” Timati “manyazi andigwira,” “tulo tandigwira,” ngati kuti ndi munthu wochokera kunja amene wakugwira pamkono. Timatinso “ugwire mtima,” “ika mtima pansi,” “ndili ndi mitima iwiri.” Tamvetserani bwino mawu amenewa. Ngati mtima ungagwidwe, ndiye kuti alipo wougwira. Ngati mitima ili iwiri, alipo wachitatu amene akuiona yonse iwiri. Ameneyo ndi ndani?

Funso limeneli ena analipanga kukhala njira yawo yonse ya uzimu. Ramana Maharshi, mphunzitsi wa ku India amene anakhala ku Tiruvannamalai mpaka imfa yake mu 1950, ankauza obwera kwa iye kuti ganizo lililonse likabuka azifunsa kuti labukira yani, ndipo yankho likakhala lakuti “ine,” afunsenso kuti “nanga ineyo ndine yani?” Simukuyenera kusiya mpingo wanu kapena mzikiti wanu kuti mufunse funso limeneli. Wamasalimo pa Salimo 139 amapempha Mulungu kuti amusanthule ndi kudziwa mtima wake. Akatolika ali ndi kafukufuku wa mtima wa madzulo amene Ignatius wa ku Loyola anaphunzitsa. Abale athu Achisilamu amati muhasaba, kudziwerengera wekha usanawerengeredwe. Onsewa akugwirizana pa chinthu chimodzi: munthu akhoza kuima chapatali n'kuuyang'ana mtima wake.

Funsolo musaliyankhe ndi dzina lanu, mudzi wanu kapena ntchito yanu. Lifunseni, n'kungokhala duu kwa mpweya utatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Masiku ena simudzamva kanthu. Masiku ena mudzamva kampata kakang'ono pakati pa inu ndi ganizolo, ngati zenera latsegulidwa pang'ono m'chipinda chofuka utsi. Kampata kameneko ndi kamene ine ndimatcha ufulu wa mumtima, ndipo sindikudziwa ufulu wina umene munthu wopanda mapepala, wa maganyu, wodaliridwa ndi banja lonse angakhale nawo usiku uno popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense.

Chachinayi, funsani kuti mawuwa ndi a yani

Maganizo ambiri amene amatizunza si athu. Tinawatola.

Mwezi wa November wina, achemwali anga anatumiza mawu pa WhatsApp kuti mvula yayandikira ndipo feteleza sanagulidwe. Ndinali ndi R600 yokha, lendi isanaperekedwe. Ndinawamvera mawuwo katatu, n'kuyankha kuti, “Musadandaule achemwali, Lachisanu nditumiza.” Ndinkadziwa kuti ndikunama. Usiku umenewo nditakhala pa bedi, ganizo limene linkabwerabwera linali lakuti, “Wapita ku Joni kukatani? Ndiwe tchona basi.” Nditalitchula dzina kuti manyazi, ndinadzifunsa kuti kodi mawuwa ndinayamba kuwamva kuti. Ndinaona bwalo la kwathu, ndili mwana, amalume atakhala pa mpando wa ndalema akusenda chinangwa, akunena za bambo wina amene anapita ku migodi ndi Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya kumeneko, n'kubwerako ndi bulangete limodzi. Anthu onse anaseka. Ine ndinaseka nawo, ndipo tsiku lomwelo ndinameza lamulo lakuti mwamuna wobwera chimanjamanja si munthu. Lamulo limenelo ndi limene linayankha achemwali anga pa foni, osati ine.

Chitani chimodzimodzi. Ganizo lobwera mobwerezabwereza, lifunseni: kodi ukuyankhula ndi mawu a yani? A bambo? A aphunzitsi a sitandade 5? A mnzanga amene amaika zithunzi za galimoto pa Facebook? A munthu uja anandinena kuti kwerekwere mu takisi? Mukamudziwa mwini mawu, simukuyenera kudana naye. Amalume anga ankanena zimene nawonso anamva kwa akuluakulu awo. Koma tsopano mukhoza kusankha ngati lamulo lawolo mukulifunabe. Ena mwa malamulowo ndi abwino ndithu, muwasunge. Kuthandiza kwanu si ukapolo. Ukapolo ndi kuthandiza chifukwa choopa kusekedwa, mpaka kukatenga katapila.

Chachisanu, lembani mizere itatu

Alamu ikalira, tengani kope la masamba ochepa, lomwe lija la ana asukulu, mulembe mizere itatu yokha. Woyamba: chimene chachitika, monga mmene kamera ikanachionera. Wachiwiri: chimene ndinadziuza. Wachitatu: chimene chili m'manja mwanga mawa.

Mwachitsanzo: “Abwana sanandiyankhe moni.” “Ndinadziuza kuti andichotsa ntchito.” “Mawa ndifika nthawi yabwino, ndipo ndiwafunsa za malipiro a Loweruka lija.” Mukaona mzere woyamba ndi wachiwiri zitagundizana chonchi, mumazindikira kuti chochitika chinali chaching'ono, nthano yomwe munaluka ndiyo inali yaikulu. Lembani m'Chichewa, kapena m'Chiyao, m'Chitumbuka, chilichonse chimene mumalotera. Chingerezi ndi Chizulu tasiyirani abwana ndi kondakitala.

Musalisandutse kopelo bwalo la milandu. Mukapeza kuti lero munachita kaduka kapena munanama, lembani mmene zilili, osadzitukwana. Munthu amene amadzikalipira usiku uliwonse amasiya pasanathe sabata, ndipo akasiya amabwerera ku botolo kapena ku foni. Ndimawonjezanso chinthu chimodzi chimene ndikuthokoza tsikulo, ngakhale chikhale tiyi wotentha m'mawa wa July.

Chachisanu ndi chimodzi, kampata kaja mukatenge popita kuntchito

Zausiku zija ndi kunola mpeni. Kudula kumachitika masana. Lamulo lake ndi limodzi: mtima ukangolumpha, pumani katatu musanayankhe. Uthenga wopempha ndalama ukalowa, katatu. Kasitomala akakunyozani chifukwa cha kayankhulidwe kanu, katatu. Mkazi wanu kapena mwamuna wanu akakufunsani funso lobaya, katatu. Pa mpweya utatuwo tchulani dzina lija, kenako musankhe chochita. Nthawi zina mudzasankhabe kuyankha mwamphamvu, ndipo nzoyenera. Kusiyana kwake n'kwakuti mwasankha ndinu.

Ndisakunamizeni, abale anga. Kukhala chete sikukupatsani pemiti, sikutsitsa lendi, ndipo sikusintha mtima wa odana ndi alendo. Mantha athu ena ali ndi maziko: mu May 2008 ziwawa zimene zinayambira ku Alexandra zinapha anthu 62 m'dziko muno, ndipo amene analipo sanaiwale. Mantha amene amakuuzani kuti musadutse msewu uwo usiku, amvereni. Chimene kudzisanthula kumakuphunzitsani ndi kusiyanitsa mantha okutetezani ndi mantha amene amakutsatirani mpaka m'bulangete chitseko chili chokhoma, amene amakuletsani kufunsa malipiro anu, amene amakupangitsani kukalipira mwana wosalakwa.

Pamene simuyenera kulimbana nazo nokha

Kwa ena, kukhala chete kumadzutsa zinthu zolemera: zimene anaona panjira ya ku Tete ndi Beitbridge, nkhanza za ubwana, maliro amene sanakaike. Ngati mukakhala pansi mtima ukuthamanga kwambiri, mukunjenjemera kapena zakale zikubwera ngati zikuchitika pompano, tsegulani maso, pondani pansi mwamphamvu, musiye kaye. Ngati papita masabata awiri kapena kuposa musakugona, musakudya, chilichonse chikukusowetsani chimwemwe, kapena mukuganiza zodzipha, imeneyo si nkhani ya kope ayi. Pitani ku kiliniki, uzani munthu amene mumamukhulupirira, kapena imbani ku SADAG, bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo, pa 0800 567 567, nambala yaulere. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo chenjerani ndi aliyense wokuuzani kuti mtendere wa mumtima uli m'botolo la mafuta kapena madzi amene akugulitsa.

Lamlungu, werengani sabata yonse

Tsiku limodzi pa sabata, m'malo molemba, werengani zimene munalemba masiku asanu ndi limodzi apitawo, n'kuzunguliza liwu limene labwera kawirikawiri. Musadabwe ngati masiku oyamba muli zopanda mutu. Mandela uja ananena za ulendo wa khumi, osati wachiwiri.

Kwa ine, sabata ya feteleza ija, liwu lakuti manyazi linapezeka kasanu. Lachisanu linali litadutsa, ndisanatumize kanthu, ndipo mafoni a achemwali ndinkangowayang'ana akulira. Lamlungu madzulo ndinawaimbira. Ndinati, “Achemwali, ndinakunamizani. Ndalama ya matumba awiri ndilibe. Ndikhoza kutumiza R300 tsopano, ina kumapeto a mwezi.” Panadutsa kanthawi ali chete, ndikumva nkhuku ndi ana chapatali. Kenako anati, “Achimwene, bwenzi mutanena kale, tikanayamba kukolola manyowa kukhola.” Tinacheza mpaka mayunitsi anatha, za denga la kitchini ndi za mwana wawo amene analemba mayeso a sitandade 8.