Mmene mungadziwire zaka za makadi akale a Tarot de Marseille

Tarot de Marseille ndi mtundu wa makadi azithunzi a ku France, osewerera komanso kuombezera. Musanayambe pezani kagalasi kokuzira zinthu, malo owala bwino, ndipo manja akhale ouma.

1. Werengani makadi, akuyenera kukwana 78. Muonenso kumsana kwake ngati onse akufanana, ogulitsa ena amasakaniza mapaketi awiri.

2. Tengani khadi la ndalama ziwiri, deux de deniers, pa kariboni kake mpomwe wopanga ankalemba dzina ndi chaka.

3. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa: chakacho musachikhulupirire msanga. Makadi a Nicolas Conver, wopanga makadi wa ku Marseille, amalembedwa 1760, koma matabwa osindikizirawo anagwirabe ntchito mpaka m'ma 1800 chaka osachisintha, ndiye a kampani ya Grimaud a 1930 nawonso ali ndi 1748.

4. Onani utoto ndi kagalasi kaja. Akale enieni mizere ndi ya thabwa losema, utoto wopaka pamanja umasefukira pang'ono. Mukaona timadontho tating'ono tamitundumitundu ndi kope lamakono limenelo.

5. Makona akuthwa nthawi zambiri ndi akale, ozungulira anabwera chakumapeto kwa ma 1800.

6. Fufuzani chidindo cha msonkho. Cholembedwa "Décret du 12 avril 1890" ndiye kuti sichingakhale cha 1890 isanakwane. Chonde osapukuta ndi madzi, pepala lake limamatuka.