Momwe mungajambulire mapu a nkhalango ndi malo a mbalame zosowa paphiri la Mulanje

Thyolo alethe ndi kambalame kofiirira kumsana, kakhosi loyera, kamene kamatsatira linthumbu pansi pa nkhalango yowirira n'kumatola tizilombo tothawa. Nkhalango ya paphiri la Thyolo, komwe kanatengera dzina, inathera ku nkhwangwa. Mulanje ndi amodzi mwa malo ochepa komwe katsala, limodzi ndi yellow-throated apalis yomwe simungaipeze m'dziko lina lililonse kupatula Malawi. Kuti tiziteteze, tiyenera kudziwa kaye kuti nkhalango ya mbalamezi yatsala pati, ndipo ndi yaikulu bwanji.

Yambirani ku Dipatimenti ya Zankhalango. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, choncho mufunika chilolezo, ndipo pemphaninso mapu a malire ake. Kaonaneninso ndi a Mulanje Mountain Conservation Trust, bungwe losamalira phirili, musanabwereze ntchito yomwe anzanu anagwira kale.

Kenako ikani QGIS, pulogalamu yojambulira mapu, pakompyuta, ndi yaulere. Zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 mumazitenganso ulere pa intaneti pa Copernicus Browser, ndipo kadontho kamodzi ka pachithunzi kamaimira mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi. Zinayamba mu 2015, ndiye pofuna kuona mmene nkhalango ya Chisongeli ya paphirili inalili isanadulidwe, tengani zakale za setilaiti ya Landsat. Zonse muziike mu UTM 36S, dongosolo loyezera malo pamapu, kuti mahekitala atuluke olondola.

Mwezi wa chithunzi musankhe mosamala. Nthawi ya dzinja paliponse pamabiriwira, mu Juni ndi Julayi chiperoni chimaphimba phiri, ndipo Okutobala ndi wa utsi wa moto wolusa. Yambani kufufuza za Ogasiti, pamene udzu wauma ndipo nkhalango yosayoyola masamba ikuonekera payokha.

Apa ndiye pagona nkhani: setilaiti imaona kubiriwira, siona mtundu wa mtengo. Munda wa tiyi, bulugama, paini ndi nkhalango yachilengedwe zimatha kufanana pachithunzi, chonsecho kwa mbalamezi munda wa tiyi si kwawo. Choncho valani nsapato, mutenge wokutsogolerani wa ku Likhubula kapena wa mbali yomwe mukukwera, mukaime pamalo enieni. Paliponse lembani GPS pafoni, jambulani mbali zinayi, mulembe chomwe chilipo: nkhalango yowirira, mkungudza, miombo, udzu, thanthwe, munda kapena lupsa. Zitsa zatsopano, utuchi wa ocheka matabwa ndi uvuni wa makala muzilembenso. Yesetsani malo 30 kapena kuposerapo pamtundu uliwonse, otalikirana. Awiri mwa atatu aliwonse muphunzitsire kompyuta kusiyanitsa mitunduyi pachithunzi kudzera mu Semi-Automatic Classification Plugin, chida choonjezera mu QGIS, otsalawo musunge oyesera mapu akatuluka. Ine mapu osayesedwa sindiwakhulupirira, ngakhale akongole bwanji.

Mbalame zimafuna kulawirira. Fikani kukungocha, imani chete mphindi 10, mulembe zomwe mwaona ndi zomwe mwamva, kenako sunthani mamita osachepera 200 kuopa kuwerenga imodzi kawiri. Alethe ndi wamanyazi, kawirikawiri mumamumva musanamuone, ndiye phunziranitu kulira kwake. Mukapeza mzere wa linthumbu, khalani poteropo mudikire. Pomwe simunapeze kanthu lembaninso, chifukwa nayonso ndi nkhani. Mudzabwerenso nyengo yozizira, pakuti mbalame zina zimatsikira ku nkhalango za m'munsi monga za m'chigwa cha Ruo, zomwe zili pafupi ndi midzi ndi nkhwangwa.

Mukabwerera, sanjikani madontho a mbalame pamapu a nkhalango, muwerengetse mahekitala a chigamba chilichonse, mufananize ndi zaka zam'mbuyo. Chigamba chomwe chili ndi mbalame koma chikuchepa mofulumira chipakeni chofiira.

Mapuwo musindikize papepala lalikulu, mukawayale pamaso pa amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi. Iwo ndi amene angakuuzeni dzina la kamtsinje kalikonse ndi pomwe mwalakwitsa. Koma malo enieni a zisa musawaike pa Facebook, aperekeni kwa oyang'anira nkhalango okha.