Momwe mungakwezere mpanda wachitsulo wa kuseri kwa nyumba kuno ku Joni

Amene mumakhala ku Rosettenville, Turffontein kapena Mayfair mukudziwa mmene mayadi a kuno alili opanikizana. Pabwalo limodzi pamakhala nyumba yaikulu ndi zipinda zakuseri zingapo, ndipo aneba akamanga zosanja, windo lawo limayang'ana pakhomo panu penipeni. Mpanda wa palisade, wa zitsulo zoimikidwa zokhala ndi mipata pakati uja, umaletsa wakuba, koma maso amangodutsa. Amayi akamayanika zovala, ana akamasamba m'beseni, aliyense wodutsa akuona. Kumudzi tikanangomweta tsekera n'kudula nsungwi, pofika madzulo mpanda waima. Kuno ndi chitsulo, ndipo chitsulo chili ndi kachitidwe kake.

Musanagule kanthu, lankhulani ndi eni nyumba. Ambirife timachita lendi, ndipo mpanda si wathu. Akavomera, apempheni kuti alembe ngakhale pa WhatsApp, chifukwa tsiku losamuka nkhani ya dipoziti imavuta. Aneba nawonso auzeni, poti mpanda wa pamalire umakhudza mbali zonse ziwiri. Kulinso lamulo. Malamulo a zomangamanga a dziko lino, ochokera mu lamulo la chaka cha 1977, amawerengera mpanda wosapitirira mamita 1.8 ngati ntchito yaing'ono. Ukapitirira pamenepo pamafunika pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda, ndipo wokasiya pulaniyo ndi mwini malo. Palisade yambiri imakhala kale ya mamita 1.8, choncho nkhaniyi ikukhudza ambiri. Okhala mu complex afunsenso kwa body corporate, bungwe la eni nyumba loyang'anira malowo.

Tsopano pitani kumpandako mukagwedeze mzati uliwonse ndi manja awiri. Apa mpamene pagona ntchito yonse. Palisade imaima zaka zambiri chifukwa mphepo imadutsa m'mipata yake. Mukaikweza n'kuitseka, mphepo yonse imatsamira pa mizati, ndipo mphepo ya mu Ogasiti komanso mkuntho wa mvula za mabingu zoyambira mu Okutobala si zamasewera. Ine ndinaziona ndekha. Ndinakhoma malata pa mpanda umene mizati yake inali itadyeka pansi, ndipo mvula yoyamba inaugwetsera pa dimba la aneba. Ndalama zinapita kawiri, ubale nawonso unatenga nthawi kuti ubwerere.

Fukulani pang'ono patsinde pa mzati, pamene chitsulo chakumana ndi konkire, chifukwa dzimbiri limayambira pamenepo. Gogodani ndi hamala. Chikaboola kapena chikamasuka zipalapala, mzatiwo ndi wochotsa, musaumvere chisoni. Mzati watsopano ukumbireni dzenje lakuya masentimita 60 kapena kuposa, m'lifupi masentimita 40. Sakanizani ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zitatu za miyala, ndipo mudikire sabata yathunthu musanausenzetse kanthu. Kumbani mosamala, popeza m'mbali mwa mpanda mumadutsa mapaipi a madzi ndi nthambo za magetsi.

Kuti mudziwe kutalika kofunika, wina agwire ndodo pamwamba pa mpanda, inu muime pakhomo kapena pamene mumachapira, aikweze mpaka windo la aneba libisike. Nthawi zambiri masentimita 50 kapena 60 amakwana, ndipo mwina ndi mapanelo awiri kapena atatu okha ofunika kukweza. Musakweze mbali yonse ngati vuto lili pangodya imodzi.

Yezani kukula kwa mizati yanu musanapite ku Cashbuild, Builders kapena kwa ogulitsa zitsulo a m'dera lanu. Yambiri imakhala square tubing, chitsulo chamakona anayi champhako, ya mamilimita 76. Njira zolumikizira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kuwotcherera chidutswa cha saizi yomweyo pamwamba, n'kuchilimbitsa m'mbali ndi angle iron, chitsulo chopindidwa ngati L. Yachiwiri, imene ndimalimbikitsa kwa ochita lendi, ndi ya mabawuti: ikani chitsulo chatsopano m'mbali mwa mzati wakale, zipitirirane masentimita 30 kapena kuposa, boolani mabowo awiri, mangani ndi mabawuti a M10. Tsiku losamuka mumangomasula, mpanda wa eni n'kutsala pafupifupi mmene unalili.

Yambani ndi mizati iwiri ya kumapeto. Iimikeni ndi levulo, kokani chingwe pamwamba pake, ndipo yapakati yonse itsate chingwecho. Mpanda wokwezedwa ndi diso lokha umaoneka ngati mano a sowo. Kenako pingasani zitsulo ziwiri kuchokera mzati wina kufika wina, china pamwamba, china pansi pa gawo latsopanolo. Pangodya ndi pakati pa mzere wautali ikani chitsulo chochirikiza, chopendama kulowa mkati mwa yadi, phazi lake likhale mu konkire.

Ngati simunagwirepo makina owotcherera, itanani wodziwa. Abale athu odziwa ntchitoyi alipo ambiri kuno, ingofunsani kutchalitchi kapena kumzikiti. Chitsulo cha galvanised, chokutidwa ndi zinki, chimatulutsa utsi woipa chikamawotchereredwa, choncho apale kaye malowo ndi grinder ndipo agwirire panja. Chotsani zovala pachingwe, udzu wouma ndi botolo la gasi, ana akhale m'nyumba kuti asayang'ane moto uja. Kumitambo kukayamba kugunda, tsikani pa makwerero. Mphezi za ku Joni ndi zoopsa, ndipo inu mwagwira chitsulo.

Pamwamba pakakhala waya wamagetsi, musaukhudze nokha. Umasunthidwa ndi munthu wolembetsedwa amene amapereka setifiketi yake, ndipo makina ake azimitsidwe ntchito isanayambe.

Pentani musanatseke. Palani dzimbiri ndi burashi yawaya, pakani red oxide, penti yoyambira yoteteza ku dzimbiri, paliponse pamene padulidwa, pabooledwa kapena pawotchereredwa, ikauma mupake penti kawiri. Pakamwa pa mzati uliwonse vundikirani ndi kachivindikiro, madzi asalowe n'kuudya mkati.

Chotsekera musankhe molingana ndi mphamvu ya mizati yanu. Kwa ine shade net, neti yotchinga dzuwa, ya 80 peresenti ndiyo yabwino kwa ambiri: ndi yopepuka, imabisa mokwanira, ndipo mphepo ina imadutsa. Ipindeni m'mphepete, ikokeni ilimbe, mumange ndi waya pa masentimita 30 alionse. Timalamba tomangira tapulasitiki toyera tija timathetheka ndi dzuwa. Timitengo ta latte timene amagulitsa m'mbali mwa misewu timaoneka bwino, timakumbutsa mpanda wa kwathu, koma timalemera, ndipo tisiyireni mpata wa chala pakati. Malata a IBR, a mizere yamakona aja, amabisa kotheratu. Amafuna mizati yolimba zedi ndi tek screws, masikuluwu oboola chitsulo okha, zokhala ndi labala, ndipo matalala akamagwa phokoso lake mudzalimva. Ngati mukutsekanso gawo la pansi, siyani mpata wa chikhatho kuchokera pa dothi kuti madzi a mvula azidutsa, asamadikhe pakhomo la munthu.

Mkuntho woyamba ukadutsa, tengani sipanala muyendere mabawuti onse, mugwedezenso mizati, ndipo pamene waya wamasuka mumangenso tsiku lomwelo.