Malangizo kwa odzimangira nyumba: kulimbitsa nyumba kuti isagwe pa civomezi

Malangizo awa ndi opita kwa munthu amene akumanga nyumba yosasanja, ya njerwa kapena mabuloko, mothandizidwa ndi mmisiri wa kumudzi kapena wa m'komboni. Nyumba yosanja ifunika injiniya ndi pulani yovomerezedwa ndi khonsolo.

Ambiri amati civomezi ndi ca maiko akutali. Koma nyanja za Tanganyika ndi Mweru, ndiponso cigwa ca Luangwa, zili pa ming'alu ya pansi pa dziko. Pa 24 February 2017 ku Kaputa, kumpoto kwa Zambia, kunacitika civomezi ca mphamvu 5.9, ndipo ku Kariba nthaka inagwedezeka kwambiri mu 1963 damu litadzaza. Ku Karonga, kwa anansi athu a ku Malawi, zivomezi za mu December 2009 zinagwetsa ndi kung'amba nyumba zambirimbiri za njerwa, makamaka zomangira dothi.

Civomezi cimakankha nyumba cam'mbali. Zipupa zosagwirana zimapatukana pa kona, cina cimagwera kunja, denga n'kutsikira pa anthu. Conco nchito yaikulu ndi kumanga nyumba yonse m'cuuno ndi lamba wa konkire, amene amisiri amacha ring beam.

Lambayu azungulire zipupa zonse, zakunja ndi zamkati, pamwamba pa zitseko ndi mawindo, osaduka paliponse. Ikani zitsulo zinayi za mamilimita 10 kapena 12, zomangidwa ndi tizitsulo ta mamilimita 6 tozungulira zinayi zonsezo pa masentimita 20 alionse. Nsonga za tizitsuloto muzipindire mkati mwa konkire kuti tisamasuke. Pa kona ndiye pamene ambiri amalakwitsa: citsulo cisathere pamenepo, cipindike ndi kupitirira m'cipupa cinaco. Polumikiza zitsulo ziwiri, zipitirirane masentimita osacepera 60. Konkire ikhale muyeso 1 wa simenti, 2 wa mcenga, 4 wa miyala, ndipo muyesere ndowa imodzimodzi, osati fosholo. Muithirire madzi masiku 7. Ngati ndalama zacepa, cepetsani cipinda cimodzi kapena dikirani matailosi, lamba yekha musamusiye. Timalinto, timitanda ta konkire ta pamwamba pa windo lililonse patokha, sitilowa m'malo mwake.

Pa nyumba ya njerwa zosaocha, lamba wa matabwa okhomedwa ngati makwerero ndi kulumikizidwa bwino pa kona amathandiza. A ku Nepal, civomezi ca mu 2015 citapha anthu pafupifupi 9,000, anamanganso nyumba zambiri za kumidzi ndi malamba a konkire kapena a matabwa.

Yesani njerwa musanagule. Igwetseni pa nthaka youma kucokera m'cuuno, ikaphwanyika, isiyeni. Buloko imene ikuyoyoka mukaikanda ndi msomali inaumbidwa ndi simenti yocepa, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji. Njerwa zoocha muziviike m'madzi musanayale kuti zisamwe madzi a m'matope. Matopewo akhale muyeso 1 wa simenti ku 6 wa mcenga wopanda dothi, ndipo adzaze mipata yonse, yoimirira yomwe. Zipupa zakunja zikhale za masentimita 23, osati za njerwa yogoneka m'litali yokha. Yalani waya wa brickforce, wolimbitsa cipupa woyalidwa m'matope pakati pa njerwa, pa mzere wacitatu uliwonse, ndipo zipupa zokumana muzikweze pamodzi kuti njerwa zilumane.

Citseko kapena windo likhale masentimita osacepera 60 kucokera pa kona, ndipo mipata yonse pamodzi isapose theka la utali wa cipupa. Cipupa citalitali ca pabalaza cifunika nsanamira kapena cipupa codutsa pakati.

Mbali yosongoka ya cipupa, ija yokwera kukakumana ndi denga, imagwa msanga cifukwa palibe coigwira pamwamba. Itsekeni ndi matabwa kapena malata m'malo mwa njerwa. Mitengo ya denga muimangirire ku lamba ndi waya wokhuthala amene munamumiza mu konkire ikali yaiwisi. Miyala ndi mabuloko otsindira malata muzicotse. Zimenezo n'zimene zimagwera munthu pamutu pothawa.

Maziko afike pa nthaka yolimba. Pewani dambo, malo okwiriridwa ndi zinyalala, ndi m'munsi mwa phiri la miyala yogwedera. Ngati nyumba inamangidwa kale ndipo ili ndi mng'alu wopingasa kucokera pa windo kapena wotsika pa kona, musangoumata ndi pulasitala. Pitani ku ofesi ya zomangamanga ku khonsolo ya m'boma lanu kuti adzauone.