Kaonedwe ka chithunzi cha Van Gogh cha bandeji kukhutu

Anzanga a pa Kasungu pano, mukagula kabandulo sakani chithunzichi pa Google, muchikulitse pafoni, osangodutsa ayi. Yambani ndi bandejiyo. Mkuluyu Van Gogh, katswiri wojambula zithunzi wa ku Netherlands, anadzicheka khutu lakumanzere mu Disembala 1888 mumzinda wa Arles ku France atakangana ndi wojambula mnzake Gauguin, koma pachithunzipo likuoneka lakumanja poti ankadzijambula akudziyang'ana pagalasi. Kenako pitani pamaso, sakuyang'ana inu, ayang'ana kumbali, ineyo ndimaona munthu wotopa koma wokakamira ntchito yake, tangoganizani anachijambula mu Januwale 1889 atangotuluka m'chipatala. Jasi ndi chipewa wavala ali m'nyumba, kunkazizira. Kumbuyoko mupeza chojambula cha ku Japan, zojambula za kumeneko ankazikonda kwabasi. Chithunzi chenicheni cha Van Gogh-chi chili kunyumba yoonetsera zithunzi ya Courtauld Gallery, London.