Momwe mungasamukire ku Blu-ray kuchoka ku DVD ndi matepi

Yambani ndi TV yanu. Ngati ilibe polowetsa chingwe cha HDMI (chotengera chithunzi ndi mawu kuchoka ku pleya kupita ku TV), dikirani kaye. Kukoma kwa Blu-ray, zimbale zamafilimu zooneka ngati DVD, kuli pa chithunzi chake cha 1080p (mizere 1080), pomwe DVD imalekezera pa mizere 480 kapena 576, ndipo pa TV yakale yachimsana ija kusiyanako simungakuone.

Kenako pezani pleya. Ionetsetseni kuti yalembedwa Blu-ray Disc. Wina akakunyengererani ndi ya HD DVD (mtundu wina wa zimbale umene unkapikisana ndi Blu-ray) ati njotchipa, mukaneni, chifukwa Toshiba inasiya kupanga makina amenewa mu 2008 ndipo mafilimu atsopano satulukanso pa zimbale zake. Amene muli ndi PlayStation 3 musavutike kugula china, imasewera Blu-ray bwinobwino.

Tsopano mvetsetsani pa nkhani ya zigawo, poti apa mpamene ndalama zanga zinalowera m'madzi. Zimbale za Blu-ray anazigawa patatu. Chigawo A ndi cha maiko a ku America, Japan ndi Korea. B ndi cha ku Ulaya, Africa ndi Australia. C ndi cha China, Russia ndi India. Wogulitsa wina anandilumbirira kuti pleya yake imalandira chimbale chilichonse. Nditaikamo cha chigawo china, TV inangoonetsa uthenga wokana, filimu osayamba. Kubwerera kwa iye, anati vuto ndi chimbale changa. Chonde, musakhulupirire zapakamwa. Tembenuzani pleyayo muone chilembo chili kumbuyo kwake, muyerekeze ndi chomwe chili kuseri kwa kabokosi ka chimbale. Zimbale zambiri zilibe loko ameneyu, zina zimalembedwa ABC, koma zotsekedwa ziliponso. Chinanso chosokoneza n'chakuti DVD ili ndi zigawo zakezake za manambala, 1 mpaka 6. Choncho pleya ikhoza kukhala yotsekula mbali ya DVD koma yotseka mbali ya Blu-ray, ndipo ogulitsa ena akamati "imasewera zonse" amanena za DVD zokha. Ngati n'kotheka, pitani ndi chimbale chanu mukachiyesere pomwepo musanalipire.

Chingwe cha HDMI gulani wamba. Chodula chamitu yagolide chija sichiwonjezera kanthu pa chithunzi.

Samalaninso ndi zimbale zachinyengo, kabokosi kabuluu koma m'kati muli DVD. Yesani mu pleya ya DVD: chikasewera, si Blu-ray. Blu-ray yeniyeni imasunga 25 GB kapena 50 GB, DVD wamba 4.7 GB kapena 8.5 GB basi. Zolembedwa Ultra HD, zomwe zinabwera mu 2016, zimafuna pleya yakeyake.

Ma DVD anu akale musataye, pleya yatsopanoyo iwasewera. Matepi a VHS okhala ndi zakubanja akopereni pa kompyuta msanga, poti makina ake anasiya kupangidwa mu 2016. Kwatsala n'kulumikiza chingwe, kusankha 1080p pa menyu, n'kuyamba kuonera.