Musanagule gemu ya PlayStation 5 (PS5), onani ngati imalira intaneti

Musanatulutse ndalama kugula disiki, yambani mwafufuza ngati gemuyo imaseweredwa popanda intaneti. Gran Turismo 7 ya 2022 ndi yokongola zedi, magalimoto ake amachita kunyezimira ngati enieni, koma netiweki ikangoduka mipikisano yambiri imatsekeka. Call of Duty nayonso imafuna ma update akuluakulu, moti bandulo ya mwezi wathunthu ingathe tsiku limodzi.

Elden Ring imayenda bwinobwino popanda intaneti, kungoti ilibe posankha kuti ikhale yofewa, adani ake amakuphani kambirimbiri musanawadziwe mayendedwe. Imafuna munthu wodekha.

Mukafuna yosewera ndi anzanu pakhomo, gemu ya mpira wamiyendo ya EA Sports FC ndi makontirola awiri zakwana. Gulani ya chaka chatha yotsika mtengo, kaseweredwe kake sikasiyana kwenikweni ndi yatsopano.